Kufufuza Zaka za Zithunzi Zakale za Adatchi Osamukira ku America

WOWULUTSA:

Zithunzi zakale za pabanja kawirikawiri zilibe chaka. Wojambula ankadinda dzina lake ndi tauni yake basi. Eni chithunzi ankadziwana okhaokha, ndiye sankaona chifukwa cholembera mayina awo kumbuyo. Zaka zana zikadutsa, onse odziwa nkhopezo atamwalira, zidzukulu zimatsala ndi bambo wandevu, mayi wovala zakuda ndi ana oima chilili, osadziwika kuti ndi ayani, anajambulitsa liti, nanga kuti. Ku America ndi ku Canada kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Netherlands, ndipo zithunzi zotere n'zodzaza m'mabokosi ndi m'maalubamu awo. Akatswiri a mbiri ya mabanja ali ndi njira yofufuzira zaka za zithunzizi. Njirayo siitulutsa tsiku lenileni kawirikawiri. Imaika malire awiri, loyamba lonena kuti chithunzi sichingakhale chakale kuposa chaka chakuti, lachiwiri lonena kuti n'chokayikitsa kuti n'cha pambuyo pa chaka chakuti. Kenako malirewo amapanikizidwa pang'onopang'ono.

Malire oyamba amachokera ku mbiri ya msamuko weniweniwo. Adatchi anafika ku America kalekale m'ma 1600, mzinda wa New York ukutchedwa New Amsterdam, koma a nthawi imeneyo kamera sanaione. Msamuko umene unasiya zithunzi unayamba m'ma 1840. Mu 1834 mpingo waukulu wa Reformed ku Netherlands unagawanika, kuyambira m'mudzi wa Ulrum m'chigawo cha Groningen, kumene kunali Mbusa Hendrik de Cock. Opatukawo ankalipitsidwa chindapusa chifukwa chosonkhana popanda chilolezo, ena ankatsekeredwa kumene. Mu 1845 ndi 1846 chiwawu chinagwira mbatatesi, chakudya cha osauka, njala n'kulowa m'midzi. Mbusa Albertus van Raalte ananyamuka ndi gulu lake ku Rotterdam mu 1846, ndipo mu February 1847 anayamba kugwetsa mitengo pamalo pamene lero pali tauni ya Holland ku Michigan. Chaka chomwecho Mbusa Hendrik Scholte anakhazikitsa tauni ya Pella ku Iowa ndi anthu pafupifupi 800. Akatolika a ku Noord-Brabant anatsatira wansembe Theodorus van den Broek ku Little Chute ku Wisconsin mu 1848.

Gulu lalikulu linanso linanyamuka m'ma 1880. Tirigu wotchipa wochokera ku America anagwetsa mitengo ku Ulaya, aganyu a m'minda ya ku Friesland, Groningen ndi Zeeland n'kusowa pogwira. Awa anakwera sitima zamoto, zambiri mwa izo za kampani ya Holland America Line imene inayamba mu 1873, n'kukathera m'mafakitale a mipando ku Grand Rapids, m'madimba a ku Kalamazoo, ku Chicago, ku Paterson, ndi m'minda ya kufupi ndi Orange City. Gulu lachitatu, la pambuyo pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, ambiri analowera ku Canada kudzera padoko la Halifax, koma zithunzi zawo sizivuta kwenikweni poti eni ake ena akadali moyo. Zovuta ndi za pakati pa 1850 ndi 1920.

(KANYIMBO)

Wofufuza asanayang'ane nkhope, amayamba wagwira chithunzicho n'kuona chimene chinapangidwira. Njira yoyamba yojambulira imene inafika kwa anthu wamba inalengezedwa ku Paris mu 1839, ndipo imatchedwa daguerreotype potengera dzina la Louis Daguerre. Chithunzi chake chili pa kachimbale kamkuwa kokutidwa ndi siliva, kotsekeredwa kuseri kwa galasi m'kabokosi kotsekula ngati buku. Sichisokoneza: ukachipendeketsa chimawala ngati kalilole, nkhope n'kuzimirira, ukachibweza nkhope ija n'kutulukanso. Zambiri mwa izi n'za pakati pa 1840 ndi 1860. Zinali zodula, ndipo ojambula ake ankapezeka m'matauni akuluakulu. Mlimi wosauka wa mu 1847, amene anagulitsa katundu wake yense kuti alipire ulendo, si kawirikawiri kuti anajambulitsa asananyamuke. Banja likanena kuti kachithunzi kapepala komatidwa pa khadi ndi ka agogo pa tsiku lotsanzikana mu 1847, nkhaniyo imafera pomwepo, chifukwa makhadi otere kunalibe.

Chapakati pa m'ma 1850 kunabwera ambrotype, chithunzi cha pagalasi lopakidwa zakuda kumbuyo, chimene nacho chinkaikidwa m'kabokosi koma sichiwala ngati kalilole. Chinakhala zaka khumi zokha chili m'fashoni. Mu 1856 Hamilton Smith wa ku Ohio analembetsa njira ya tintype, chithunzi cha pa kachitsulo kopyapyala kopakidwa zakuda. Ichi chinali chotchipa, cholimba, chotheka kutumiza m'kalata, ndipo chinafala kwambiri ku America kuposa ku Ulaya. Chikakhala m'kabokosi chimafanana ndi chagalasi chija, koma kamaginito kamathetsa mkangano: pachitsulo kamakoka, pagalasi ayi. Vuto la tintype ndi moyo wake wautali. Asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, anajambulitsa zambirimbiri, ndipo m'gulu la asilikaliwo munali anyamata achidatchi a ku Michigan, kuphatikizapo ana awiri a Van Raalte. Koma ojambula oyendayenda m'zionetsero anapitiriza kuzipanga mpaka m'ma 1900. Chitsulo pachokha chimangonena kuti 1856 inali itakwana.

Daguerreotype ndi tintype zili ndi khalidwe limodzi lofunika kulikumbukira: zimatembenuza munthu, dzanja lamanja kuoneka ngati lamanzere. Pa Adatchi izi zili ndi ntchito, poti mwambo wa kwawo ndi wakuti Apulotesitanti amavala mphete yaukwati kumanja, Akatolika kumanzere. Wosadziwa za kutembenukaku angathe kumuika munthu mu mpingo umene sanalowemo.

Zithunzi zambiri za m'maalubamu n'zapepala lomatidwa pa khadi lolimba, ndipo pano ndi pamene zaka zimayamba kupanikizika bwino. Kakhadi kakang'ono, ka masentimita pafupifupi 6 m'lifupi ndi 10 m'litali, kamatchedwa carte de visite. André Disdéri anakalembetsa ku Paris mu 1854, ndipo cha m'ma 1860 kanali katafika ku Netherlands ndi ku America komwe. Pepala lake linkapakidwa choyera cha dzira, n'chifukwa chake limanyezimira pang'ono ndipo likakalamba limasanduka lachikasu. Makhadi a m'ma 1860 ndi opyapyala, makona ake ndi osongoka, ndipo ambiri ali ndi timizere tiwiri tagolide m'mphepete. Kuyambira cha mu 1870 makhadi ananenepa, makona n'kukhala obulungira. Apa wofufuza amasamala, chifukwa eni ake ena ankadula makona ndi sizasi kuti khadi lilowe bwino m'alubamu. Kona lodulidwa pamanja limaoneka: lina lalikulu, lina laling'ono.

Mu 1866 kunatuluka khadi lalikulupo, la masentimita pafupifupi 11 m'lifupi ndi 16 m'litali, lotchedwa cabinet card. Linafika pachimake m'ma 1880 ndi m'ma 1890, nthawi yeniyeni ya msamuko waukulu uja. Makhadi amtundu wakuda, wobiriwira kwambiri kapena wofiirira, olembedwa ndi zilembo zagolide, ndi a kuyambira chapakati pa m'ma 1880. A m'mphepete mwa manomano ndi a kumapeto kwa m'ma 1880 ndi m'ma 1890. Chithunzi chikakhala chakuda ndi chotuwa, chosanyezimira, pa khadi lotuwa lokulirapo, zaka zake zayandikira 1900 kapena zadutsa.

Pali chizindikiro chimodzi chimene ofufuza amasangalala nacho kuposa zonse. Boma la America, posowa ndalama za nkhondo, linaika msonkho pa zithunzi kuyambira pa 1 August 1864 mpaka pa 1 August 1866. Wojambula ankamata sitampa kumbuyo kwa khadi: ya masenti 2 pa chithunzi cha mtengo wosapitirira masenti 25, ya masenti 3 mpaka pa masenti 50, ya masenti 5 mpaka pa dola imodzi. Lamulo linkafuna kuti aiphe sitampayo polembapo zilembo za dzina lake ndi tsiku, ngakhale ambiri ankangokhwatcha mzere. Khadi lokhala ndi sitampa yotere linagulitsidwa ku America m'zaka ziwiri zimenezo. Ngakhale sitampa itamatuka, pamatsala kabanga kamakona anayi koyererapo kapena kaguluu kouma.

Itakwana 1888 George Eastman anatulutsa kamera ya Kodak, imene zithunzi zake zoyamba zinali zozungulira, ndipo mu 1900 kunabwera Brownie ya dola imodzi. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kujambulana okha pakhonde ndi pakhola. Zithunzi zambiri za nthawiyi zinkasindikizidwa pa positikhadi. Ku America, positikhadi yokhala ndi mzere wogawa kumbuyo, uthenga mbali ina adiresi mbali ina, inaloledwa kuyambira pa 1 March 1907.

(KANYIMBO)

Funso lotsatira ndi lakuti chithunzicho chinajambulidwa tsidya liti la nyanja. Limayankhidwa ndi chidindo cha wojambula, chimene chimakhala m'munsi mwa khadi kapena kumbuyo. Chikati Leeuwarden, Groningen, Middelburg kapena Goes, ndi ku Netherlands. Chikati Grand Rapids, Pella kapena Sheboygan, ndi ku America. Mayina ena amapusitsa, chifukwa osamukawo anatenga mayina a kwawo: ku Michigan kuli Holland, Zeeland, Drenthe, Overisel ndi Vriesland. Khadi lolembedwa Zeeland n'kutsatana ndi Mich. ndi la ku America, ngakhale munthuyo akuoneka Mdatchi weniweni.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa m'mbuna. Akaona chidindo cha ku Netherlands amathamangira kunena kuti awa ndi agogo asananyamuke. Komatu zithunzi zinkawoloka nyanja mbali zonse ziwiri kwa zaka makumimakumi. Wopita ankatumiza chithunzi chake atavala suti yatsopano, tcheni cha wotchi chili lende pamimba, kuti akumudzi aone kuti zikuyenda. Otsala ankabwezera cha mayi wokalamba, cha mlongo pa ukwati wake, cha mwana wobadwa m'mbuyo. Makalata ambiri otere anasonkhanitsidwa ndi katswiri wa mbiri Herbert Brinks, ndipo amasungidwa ku Heritage Hall pa yunivesite ya Calvin ku Grand Rapids. Choncho khadi la ku Leeuwarden lopezeka m'alubamu ya ku Michigan lingakhale la mbale amene sanakwerepo sitima, ndipo lingakhale la zaka makumi awiri banja litasamuka kale.

Ojambula ankasamukasamuka, kugwirizana ndi anzawo, kupatukana, kusiyira ana awo situdiyo. Dzina ndi adiresi zikafananizidwa ndi mabuku a maadiresi a mzindawo, amene ankatuluka pafupipafupi, kapena ndi malonda a m'nyuzipepala, zimadziwika kuti wojambulayo anali pamsewu umenewo kuyambira liti mpaka liti. Nyuzipepala zakale za Chidatchi zili pa intaneti pa tsamba la Delpher, ndipo bungwe la RKD ku The Hague limasunga mbiri ya ojambula ndi zithunzi za anthu. Ku Michigan amagwiritsa ntchito mabuku a zamalonda a kampani ya R. L. Polk. Ku tauni ya Holland kuli malire ena oonekeratu: moto wa mu October 1871 unapsereza mbali yaikulu ya tauniyo, ndipo zithunzi zambiri za zaka zoyambirira zinapsa nawo.

Kumbuyo kwa khadi ojambula ankakonda kudzitama. Ankasindikizapo mamendulo amene anapata pa zionetsero, monga cha ku Philadelphia cha 1876, cha ku Amsterdam cha 1883, kapena cha ku Paris cha 1889. Mendulo yotere ili ngati chaka chodindidwa pa chitenje cha msonkhano wa mpingo: chitenjecho sichingakhale chakale kuposa msonkhanowo, koma mwini wake angachivale zaka khumi pambuyo pake. Ena ankalemba kuti ndi ojambula a kunyumba yachifumu. Akatchula Mfumu, makhadiwo anaitanitsidwa Willem III asanamwalire mu 1890. Akatchula Mfumukazi yogwirizira mpando, ndi Emma, pakati pa 1890 ndi 1898. Nambala ya telefoni pa khadi la ku Netherlands siingakhale ya 1881 isanafike, chifukwa ndi chaka chimene mafoni anayamba kugwira ntchito ku Amsterdam, ndipo m'matauni ang'onoang'ono anafika mochedwerapo. Koma wojambula wosamala ndalama sankataya makhadi otsala, ankawamaliza kaye. Zonsezi zimapereka malire a m'munsi okha.

Mawu ena aang'ono osindikizidwa kumbuyo amauza makasitomala kuti magalasi amene anajambulirapo zithunzi zawo akusungidwa kuti adzaitanitsenso zithunzi zina. Munthu akamwalira, abale ankabwerera ku situdiyo kukaitanitsa zithunzi zogawana, wojambula n'kusindikiza nkhope yakale pa khadi la masiku amenewo. Khadi ndi nkhope zikatero zimasiyana zaka, ndipo chimene chimaulula ndi zovala.

(KANYIMBO)

Zovala za m'tauni zinkasintha mofanana ku Ulaya ndi ku America, ndipo za amayi ndi zimene zimathandiza kwambiri. Siketi yotambalala mozungulira, yokhala ndi mawaya m'kati, ndi ya kuyambira cha mu 1856 mpaka kumapeto kwa m'ma 1860, ndipo tsitsi la nthawiyo n'logawidwa pakati, losalazidwa. Kumayambiriro kwa m'ma 1870 nsalu yonse inasonkhanitsidwa kumbuyo, n'kutukumuka kumatako. Cha m'ma 1880 diresi inathina thupi lonse, kenako chotukumuka chija chinabweranso kuyambira 1883 mpaka cha mu 1889. Mikono ya diresi yofufuma kwambiri paphewa, yothina kuchokera pachigongono, inafika pachimake mu 1895 ndi 1896 n'kuphwa msanga. Chizindikiro chimenechi n'chodalirika kwambiri. Za abambo zimayenda pang'onopang'ono: jekete lotaya la m'ma 1860, jekete lomangidwa mabatani mpaka pafupi ndi khosi la m'ma 1880. Ndevu zozungulira chibwano, mlomo wapamwamba utametedwa, alimi ndi asodzi achidatchi anakhala nazo mpaka ukalamba, ndiye sizinena chaka.

Pagulu la anthu, woyenera kumuyang'ana ndi mtsikana wa zaka zapakati pa 16 ndi 25. Iyeyo ndi amene amavala za masiku amenewo. Agogo aakazi amavala diresi imene anasoketsa zaka makumi awiri zapitazo. Ana aang'ono, anyamata ndi atsikana omwe, ankavala madiresi mpaka zaka zinayi kapena zisanu, ndipo chowasiyanitsa kawirikawiri ndi mzere wa tsitsi: pakati kwa mtsikana, pambali kwa mnyamata.

Chimene chimasiyanitsa zithunzi za Adatchi ndi za osamuka ena ndi zovala zakumudzi, zimene zimaulula dera kuposa chaka. Amayi a zigawo zambiri ankavala chitsulo chagolide kapena chasiliva kumutu, pansi pa kachipewa kalesi, chotchedwa oorijzer. Ku Friesland chitsulochi chinanka chikula m'zaka za m'ma 1800 mpaka chinaphimba pafupifupi mutu wonse, ndipo chimaoneka chikunyezimira kupyola lesi. Ku Zeeland chimene chimaoneka ndi nsonga zake za m'mbali mwa nkhope: pa chilumba cha Walcheren n'zopotana mokwera, ku Zuid-Beveland ndi timapuleti tamakona anayi. Ku Zuid-Beveland komweko chipewa choyera chimanenanso mpingo. Cha Apulotesitanti n'chozungulira ngati chigoba cha nkhono, cha Akatolika chili ndi makona, ndipo zonse ziwiri zinanka zitambalala pamene 1900 inkayandikira ndi kudutsa. Ku Noord-Brabant amayi okwatiwa ankasenza poffer, nkhata ya maluwa ansalu ndi maliboni pamwamba pa chipewa. Abambo a ku Zeeland amadziwika ndi mabatani awiri agolide pakhosi ndi mabatani aakulu asiliva palamba la buluku. Nyumba zosungira zakale monga Zeeuws Museum ku Middelburg ndi Nederlands Openluchtmuseum ku Arnhem zili ndi anthu odziwa kusiyanitsa mudzi ndi mudzi poyang'ana chipewa chokha.

Atafika ku America, atsikana ankavula zakumudzizi msanga, koma amayi achikulire ena anamwalira nazo. Mayi wa oorijzer pa khadi la ku Grand Rapids ndi amene anawoloka nyanja ali wamkulu kale.

Mitundu nayo imanyenga. Mankhwala ojambulira a nthawi imeneyo sankaona bwino zofiira ndi zachikasu, zinkatuluka zakuda, pamene zabuluu zinkatuluka zoyera. Mkanda wa korali wofiira, umene amayi a ku Zeeland ankanyadira, pachithunzi umaoneka ngati mkanda wakuda wa namfedwa. Maso abuluu amaoneka otuwa ngati a wakhungu. Ndipo diresi yakuda siitanthauza maliro: akwati ambiri akumudzi ankakwatiwa atavala diresi yakuda, imene inkadzakhala ya kutchalitchi kwa zaka zambiri. Chithunzi chimene banja limati n'cha pamaliro nthawi zina n'cha ukwati, ndipo tsiku la ukwati limapezeka m'kaundula.

Pali zovala zina zosayenera kuzikhulupirira n'komwe. Chipewa chosongoka cha mapiko awiri, chimene alendo amati ndiye chovala cha Adatchi onse, kwawo ndi mudzi wa asodzi wa Volendam. Masitudiyo a kumeneko akhala akuveka alendo zovalazi kwa zaka zambiri. Ku Michigan chikondwerero cha maluwa cha Tulip Time chinayamba mu 1929, ku Pella mu 1935, ndipo ana ambirimbiri ajambulidwa atavala chipewachi ndi nsapato zamtengo, pamene makolo awo anali a ku Groningen.

(KANYIMBO)

Makaundula ndi amene amasandutsa zaka khumi kukhala zaka ziwiri. Pa nkhani imeneyi Adatchi ali ndi mwayi. Kuyambira mu 1811, nthawi ya ulamuliro wa Napoleon, boma linayamba kulemba kubadwa, maukwati ndi imfa za anthu onse, ndipo amene analibe dzina labanja analamulidwa kusankha. Kuyambira mu 1850 tauni iliyonse inkasunga kaundula wa anthu nyumba ndi nyumba, wolemba amene wabwera, amene wachoka, tsiku lake ndi kumene walowera. Amayi amalembedwa ndi dzina la kwa makolo awo moyo wonse. Zambiri mwa izi zikupezeka pa tsamba la WieWasWie. Za kubadwa zimatsekulidwa pakatha zaka 100, za ukwati 75, za imfa 50. M'mapepala a ukwati mumakhalanso chikalata cha usilikali cha mkwati, chimene nthawi zina chimafotokoza msinkhu wake, maso, mphuno ndi zipsera. Mndandanda wa osamuka umene maboma a zigawo ankalemba unasanjidwa ndi katswiri Robert Swierenga. Ku America, kalembera wa 1900 analemba mwezi ndi chaka chobadwa cha munthu aliyense, chaka chimene analowa m'dzikomo, ndi chiwerengero cha ana amene mayi anabereka ndi amene ali moyo. Wa 1890 pafupifupi yense anaonongeka ndi moto wa mu 1921.

Mwachitsanzo, pangakhale cabinet card ya chidindo cha ku Grand Rapids, ya m'mphepete mwa manomano. Bambo wakhala pampando, mayi wanyamula khanda losatha kukhala lokha, ana anayi aima motsatana misinkhu, wamkulu ndi mtsikana wa mikono yofufuma paphewa. Pambali pali gogo wa oorijzer yotakata. Khadi likunena kumapeto kwa m'ma 1880 kapena m'ma 1890. Mikono ikukokera pakati pa m'ma 1890. Chitsulo cha gogoyo chikuloza kumpoto kwa Netherlands. Kalembera wa 1900 akaonetsa banja la ana asanu ndi mmodzi, wachisanu wobadwa chapakati pa zaka zimenezo, ndiye kuti khandalo ndi wachisanuyo, ndipo chithunzi chinajambulidwa iye asanathe chaka, wachisanu ndi chimodzi asanabadwe. Gogoyo akapezeka kuti anamwalira nthawi yomweyo, malire a m'mwamba atsekeka. Powerenga ana, wofufuza amakumbukira amene anamwalira ali aang'ono, chifukwa anali ambiri, ndipo mpata waukulu pakati pa misinkhu iwiri nthawi zambiri ndi manda.

Dzina lolembedwa kumbuyo limayesedwa komaliza, ndipo limayesedwa mokayikira. Adatchi ankatcha ana mayina a agogo awo, mwana wamwamuna woyamba kawirikawiri kutenga la bambo a bambo ake, ndipo mwana akamwalira dzina lake linkapatsidwa kwa wobadwa pambuyo. M'banja limodzi mungakhale a Jan anayi ndi a Grietje atatu m'mibadwo itatu. Ku America Jan anasanduka John, Hendrik anasanduka Henry, Grietje anasanduka Grace kapena Margaret. Mawu oti agogo pawokha sanena kanthu ngati sakudziwika amene analemba. Inki ya bolopeni pa khadi la m'ma 1870 ikusonyeza kuti wolembayo analemba nkhondo yachiwiri itatha, zaka pafupifupi 70 kapena kuposa chijambulireni, ndipo mwina sanamuonepo munthuyo.

Kulakwitsa kotere sikuchitika m'mabanja mokha. Amalawi amene anapita ku Joni pa Wenela m'ma 1960 ankalandira malipiro a ndalama za randi zokhala ndi nkhope ya mwamuna watsitsi lalitali, imene aliyense ankati ndi ya Jan van Riebeeck, Mdatchi amene anafika ku Cape mu 1652. Nkhopeyo inatengedwa pa chithunzi chopenta cha Dirck Craey cha mu 1650, chosungidwa ku Rijksmuseum ku Amsterdam. Kafukufuku wa m'ma 1980 anaonetsa kuti si Van Riebeeck. Akatswiri tsopano amati ayenera kukhala Bartholomeus Vermuyden, munthu amene ku Cape sanapondeko.

Zithunzi zikuluzikulu zopachika pakhoma, za m'mafelemu okhuthala kapena obulungira a galasi lotukumuka, zili ndi msampha wawo. Kuyambira m'ma 1880 mpaka m'ma 1920 amalonda ankayenda khomo ndi khomo kutolera tizithunzi tating'ono, n'kukatikulitsa, n'kudzoza nkhope ndi makala kapena choko. Nthawi zina mwamuna ndi mkazi amene anajambulidwa zaka zosiyana ankaikidwa pamodzi, wina akuoneka mnyamata wina nkhalamba. Felemu imanena za nthawi yokulitsa, zovala zimanena za nthawi yojambula.

Zimene zapezeka zimalembedwa ndi pensulo pa envelopu yosungiramo chithunzi, pamodzi ndi zifukwa zake ndi dzina la wofufuza, kuti wobwera m'mbuyo adzathe kutsutsa. Inki imalowerera, selotepi ndi guluu zimasiya mabanga, chinyezi chimabweretsa nkhungu, ndipo daguerreotype ikapukutidwa ndi nsalu nkhope imachoka osabweranso. Zithunzi za m'alubamu sizichotsedwa ndondomeko yake isanalembedwe, poti mwamuna ndi mkazi ankaikidwa moyang'anana, makolo patsogolo, ana pambuyo. Posunga chithunzi pa kompyuta kapena potumizira abale, khadi lijambulidwe lonse mpaka m'makona, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa chidindo, sitampa ndi mendulo sizili pankhope.